Bowa wa a Sixten

Galu anaima m'mphepete mwa dambo n'kununkhiza ndere, kenaka anatembenuka kuyang'ana Marit ngati akufunsa kuti, tipitirire kodi? Marit anagwada m'matope momwemo. Pa tsamba lina lachikasu panali kadontho ka magazi, kochepa ngati mutu wa machesi, ndipo mvula ya mawawa inali itayamba kale kukasungunula.

"Tiye, Raja," anatero. "Usanditaye pano."

Wailesi ya pachifuwa chake inakhosomola. Anali Halvar, mkulu wa uzimba.

"Marit, zili bwanji kumeneko?"

"Magazi ake ndi ochita kufunafuna. Koma watopa, ndapeza pamene anagonapo."

Mawu ena analowerera, mawu a munthu amene akuwotha moto khofi ali m'manja. "Ukamupeza umufunse ngati walumidwa ndi udzudzu kapena wabayidwa ndi singano ya a Sixten!"

"Rune, choka pa wailesi," anatero Halvar.

Eliki amene Marit ankamulondolayo anawomberedwa ndi bambo ake, a Sixten, m'mawa wa tsiku lomwelo, tsiku loyamba la uzimba. Anali wamkazi wopanda mwana, chinyama chonga mphalapala, chachikulu kuposa hatchi, ndipo anatulukira poyera pafupi ndi nsanja imene a Sixten ankadikirirapo nyama n'kuima chopingasa ngati wachita kuitanidwa. Mfuti inalira kamodzi. Aliyense amene anaimva anayamba kumeza malovu, chifukwa kwathu kuno ku Jämtland mfuti ya a Sixten ikalira kamodzi ndiye kuti nkhani yatha, chotsala ndi kunola mipeni. Koma eliki uja anangodzidzimuka, n'kutaya miyendo yake yaitali ija kulowa m'mapaini.

"Ndamumenya kuseri kwa phewa," anatero a Sixten anthu atafika. "Wagwa kuseri kwa mwalawo."

Kuseri kwa mwala kunalibe kanthu. Ndiye Marit, yemwe anali mwini galu wolondola, anamanga Raja chingwe n'kuyamba ulendo umene unamudyera tsiku lonse.

Anamupeza chakumadzulo, kutsidya kwa dambo lalikulu. Eliki anali ataima m'chithaphwi, mutu uli pansi, thovu lofiira likutuluka m'mphuno. Raja anauwa koma nyamayo sinathawe. Inangodzutsa mutu pang'ono n'kuwayang'ana, ngati yonena kuti mwachedwa bwanji. Marit anamva chisoni chimene sanachimvepo pa zaka zonse zimene wakhala akusaka. Anakweza mfuti yake n'kumaliza ntchito ya bambo ake.

Nyamayo inagwa mbali imene chipolopolo cha m'mawa chinatulukira ili m'mwamba. Marit anapatula ubweya kufuna bala. Anali kabowo kakang'ono kosalala, koti ngakhale chala chake chaching'ono chinakana kulowamo. Anakhala chiwerameni pamenepo, madzi akulowa m'nsapato, chifukwa bala limenelo ankalidziwa.

Zipolopolo zilipo ziwiri, ndipo mwana wa mlenje aliyense amadziwa zimenezi asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Chilipo chophunzirira kuwomba, chokutidwa ndi mkuwa mpaka kunsonga. Chimenecho n'chowombera chithunzi cha pepala basi. Chikalowa m'nyama chimangoboola n'kutulukira kwina, nyama n'kumafa pang'onopang'ono kutali. Ndiye chilipo chosakira, cha nsonga yofewa ya mtovu, chimene chikalowa chimatambasuka ngati bowa n'kupha nyama isanayende. Marit ali kamtsikana, bambo ake ankamutsinzinitsa maso pa tebulo la kukhitchini, n'kumuika zipolopolo ziwirizo m'manja. "Cha nyama n'chiti?" Iye ankasisita nsonga ndi chala chachikulu, n'kukweza chofewacho. Akalakwa panalibe banzi. Bambo omwewo ndiwo lero anabaya eliki ndi chipolopolo cha pepala.

"Ndamupeza," anatero pa wailesi. "Bwerani ndi ngolo."

Mu shedi yosendera nyama munali utsi wa soseji ndi phokoso. Eliki anali atapachikidwa, Halvar akumusenda mosafulumira, ena atazungulira ndi makapu a khofi. Amuna a kwathu kuno atha kukhala chaka chonse osatulutsa mawu okwana m'kapu, koma muwayambitse nkhani ya kukula kwa kamwa la mfuti, mudzafuna kutseka makutu. Wina akuti 6.5, wina akuti 9.3, ngati akukangana za mipingo. Rune ndiye anali mlaliki wa mfuti zikuluzikulu, ndipo tsiku limenelo anali atapeza vesi.

"Ine ndimanena chaka ndi chaka," anatero akuloza nyamayo ndi foloko. "Ka 6.5 n'kophera agwape. Gwape ndi kanyama kopyapyala, ngakhale kumukuwiza amagwa. Koma eliki amafuna chipolopolo chonenepa. Yanga ija ya 9.3 ikalira, nyama imakhala pansi n'kuyamba kudzisenda yokha."

"Nawenso umakhala pansi," anatero Halvar osatembenuka. "Chaka chatha tinakutola pansi pa nsanja, chipewa chili uko."

Anthu anaseka, Rune nayenso anaseka, poti sanali munthu woipa mtima, kungoti pakamwa pake panalibe chitseko.

A Sixten anali atakhala pa benchi pafupi ndi khomo, chipewa chawo chofiira chili pabondo. Anali munthu wamtali, wowuma, wa manja akuluakulu odula mitengo. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Iwe Rune, mfuti imene ukuinyozayo inayamba kudzaza mafiriji amako asanakumane ndi abambo ako. Nyama siifa ndi phokoso. Imafa ndi pamene waika chipolopolo, ndi mtundu wa chipolopolocho. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Ndiye ndi zimene ndikunena, mdala! Taonani pamene mwaika. Kuseri kwa phewa, pomwe munanena pomwepo. Dzanja lanu ndilibe nalo mawu. Ndiye ngati dzanja silinalakwe, chalakwa n'chiyani? Marit wapondaponda dambo lonse, miyendo yachita kuyera. Kamfuti kanuko katopa, kapumitseni."

A Sixten anayandikira nyamayo n'kuyang'ana nthiti. Kenaka anatambasula dzanja kwa Halvar.

"Bowa wanga ali kuti?"

Ndi mwambo wathu kuti chipolopolo chikapezeka pansi pa chikopa, chitatambasuka bwino, amapatsa mwini wake. A Sixten anali ndi botolo lodzaza ndi bowa wotere pa zenera la kukhitchini, ndipo ankatha kukuuzani kuti uyu ndi wa mphongo ya ku phiri lakuti, chaka chimene chipale chofewa chinagwa molawirira.

"Palibe, Sixten," anatero Halvar. "Chadutsa."

Mpeni wake unazungulira kabowo kaja mwachangu, n'kudula kachidutswa ka nyama n'kukaponya m'ndowa ya zotaya. Anayang'ana Marit kamodzi, n'kubwerera ku ntchito yake.

"Mwaona?" anatero Rune. "Ngakhale kuima m'nyama sikaima. Mawa ndikubwerekani yanga, ine nditenga ya mlamu wanga. Mukangoiyesa kamodzi simudzabwereranso ku singano."

Marit anadikira kuti bambo ake amukalipire. Munthu amene moyo wake wonse ankati mfuti yaikulu ndi mankhwala a mlenje waulesi! Koma mkulu uja anangoima, akupotokola chipewa m'manja, maso ali pa nthiti zija.

"Kaya," anatero motsitsa. "Mwina aeliki a masiku ano analimba. Ubwere nayo."

Marit anatuluka panja ngati akukamwetsa galu.

Halvar anamupeza pa mpopi atabwera kudzatsuka mipeni. Anatsegula madzi kwambiri kuti a m'kati asamve.

"Bala lija walidziwa," anatero.

"Aliyense amalakwitsa, Halvar."

"Aliyense, inde. Koma Sixten? Munthu amene anabweza mlendo wa ku tauni chifukwa chosunga zipolopolo m'thumba limodzi ndi maswiti?"

Marit anayang'ana kumbali. Akanatha kumuuza za ketulo imene anaipeza mufiriji mwezi wathawo, kapena za tsiku limene bambo ake anatuluka ndi mbale kukadyetsa galu amene anafa kalekale. Zonsezo iye ankangoti ndi ukalamba, n'kuziseka, chifukwa kuseka kunali kosavuta.

"Kusenda kumene ndikusendaku anandiphunzitsa ndi iyeyo," anapitiriza Halvar. "Mbalame ikatera pa uta siilasika, ndikudziwa. Koma chipolopolo cholimba chija sichiima m'nyama, Marit, chimapitirira ulendo. Lero chathera mumtengo. Mawa pa nsanja ya kutsidya kwake pakhala munthu. Ndipo ngati wasokoneza zipolopolo lero, mawa asokoneza chiyani? Ndiye Rune akufuna kumuwonjezera mfuti yaikulu."

"Ukawachotsa mu uzimba wawapha. Chimwalirireni mayi, chimene amadikira chaka chonse ndi sabata inoyi."

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. Nsapato amayamba kuzipaka mafuta chilimwe chisanathe."

Halvar anatseka mpopi n'kupukuta mpeni pa buluku. "Mawa tisanagawane nsanja ndimve kuchokera kwa iwe. Ukalephera ndinena ndekha, pamaso pa onse, ndipo sizikoma. Bola zichokere kunyumba."

Pa sabata ya uzimba Marit ankagona kwa bambo ake, m'chipinda chake cha kale. Atafika, a Sixten anapukuta mfuti yawo monga mwa masiku onse, kuipaka mafuta, n'kuitsekera mu kabati yachitsulo. Kiyi wa kabatiyo ankamuvala m'khosi pa kachingwe ka chikopa, ndipo sankamuvula ngakhale posamba. Marit anatenga jekete lawo kuti aliyanike pafupi ndi mbaula, n'kupisa m'thumba. Munali zipolopolo zodzaza dzanja. Anaziyala pa tebulo. Za nsonga ya mtovu ndi za mkuwa zinali pamodzi, zosakanikirana ngati nyemba ndi miyala.

Anali akuyembekezerabe kuti mwina chinali chimodzi chokha chimene chinatsalira tsiku lophunzira kuwomba. Chiyembekezo chimenecho chinathera pa tebulopo. Anazisonkhanitsa n'kuziika m'thumba lake.

Pa chakudya cha madzulo mkuluyo anali wosangalala, akuphwanya mbatata ndi foloko, akusimba za mphongo ina imene anaipha iye ndi malemu mkazi wake Ingegerd, n'kuikoka okha awiri mpaka pamsewu. Nkhaniyo anaikamba bwino, osaphonya ngakhale dzina la mtsinje. Marit anayamba kudzifunsa ngati sakukulitsa zinthu. Kenaka bambo ake anapukuta pakamwa n'kunena kuti:

"Uja sanapite patali ayi. Mawa tikamupeza kuseri kwa mwala."

"Ndani, Bambo?"

"Wamkazi uja. Ndamumenya kuseri kwa phewa."

"Tamusenda kale, Bambo. Munali pomwepo."

Anamuyang'ana, ndipo m'maso mwawo munadutsa mantha, mwachangu ngati mbewa yodutsa pakhomo. "Ndikudziwa!" anakalipa. "Ukuyesa ndine mwana? Ndimanena wina."

"Chabwino, Bambo."

Marit anatsuka mbale, msana atawalozetsa, kuti asaone nkhope yake.

M'mawa anadzuka n'kupeza khofi ali kale pamoto. Bambo ake anali atavala zonse, chipewa chofiira chili kumutu, akudula buledi wa kamba. Ankaimba kanyimbo chapansipansi. Raja anali pakhomo akugwedeza mchira, poti naye ankadziwa kuti ndi tsiku la kuthengo.

Marit anali atakonza mawu ambiri, koma atawaona choncho onse anathawa. Anati awauze bwanji? Kuti mutu wanu wayamba kutha? Akanakana, akanakalipa, ndipo akanakwera galimoto yawo n'kupita okha. Munthu ngati ameneyu sungamuuze kanthu pa nkhani ya mfuti. Mawu okha amene akanawamva anali awo omwe.

"Bambo, takhalani pansi pang'ono."

"Tichedwa. Halvar sadikira munthu."

"Pang'ono pokha. Mukukumbukira masewera aja munkandichititsa pa tebulo pano?"

Nkhope yawo inawala. "A zipolopolo? Iwe unkabera, unkasuzumira ndi diso limodzi."

"Ndinkabera chifukwa cha banzi. Lero ndi inu. Tsinzinani."

"Ha! Mwana akufuna kuyesa mphunzitsi." Anakhala pansi akuseka, n'kutambasula dzanja lawo lalikulu lija, maso atatsinzina.

Marit anaika ziwiri m'dzanjamo, chofewa ndi cholimba.

"Cha nyama n'chiti?"

Chala chachikulu chinasisita nsonga yoyamba, kenaka yachiwiri. Chinabwerera pa yoyamba. Kuseka kuja kunayamba kuzilala. Mbaula inkangothetheka, ndipo khofi anayamba kusefukira koma panalibe amene anadzuka. Marit ankapemphera mumtima kuti asankhe bwino, ngakhale ankadziwa kuti akasankha bwino vuto lake likula.

"Wazitenga m'bokosi liti?" anafunsa a Sixten.

"Osafunsa. Inu simunkandilola kufunsa."

Anasisitanso. Kenaka anakweza chimodzi m'mwamba, molimba mtima ngati kale.

"Ichi. Chosongoka bwinochi."

Chinali cha mkuwa. Bambo ake anatsegula maso, n'kuyang'ana nkhope ya mwana wawo, kenaka chipolopolo chija. Anadzuka n'kupita nacho pansi pa nyale, anavala magalasi, n'kukanda nsonga yake ndi chikhadabo. Mtovu ukaukanda umasiya mzere. Apa panalibe mzere. Anakandanso mwamphamvu mpaka chikhadabo chinapindika.

Anabwerera pa mpando n'kukhala pansi.

"Dzulo ndinaika chiti?"

"Chomwecho, Bambo. M'thumba mwanu zinali zosakaniza."

"Sindisakaniza ine."

"Ndikudziwa kuti simusakaniza."

A Sixten anayang'ana botolo la bowa pa zenera. Kunja kunali kukuyera pang'onopang'ono, kuyera kotuwa kwa tsiku lina lamvula.

"Anayenda mpaka kuti?"

"Kutsidya kwa dambo lalikulu."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse."

"Anali moyo pamene unamupeza?"

Marit anafuna kunama, koma kwa bambo ake pa nkhani ya nyama sananamepo. "Anali ataima m'madzi."

A Sixten anavula magalasi n'kuphimba maso ndi dzanja. Mapewa awo anagwedezeka. Marit anali atawaonapo akulira kamodzi kokha, pa maliro a mayi ake, ndipo ngakhale pamenepo anachita kutembenukira kukhoma.

"Ndazunza nyama, Marit. Ine. Ndinkathamangitsa anthu chifukwa cha zimenezi."

"Simunachite dala."

"Nyama siidziwa za dala." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Zayamba liti? Usandibise. Ketulo ija unati unaiika mufiriji ndiwe."

"Sindinali ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu chimene ankadziwa kale kuti sangachikwanitse. Kenaka anawongoka, ndipo kwa kanthawi anali a Sixten akale aja, amene mawu awo ankaimitsa amuna pamzere.

"Tamvera. Ukapita kumeneko ukamuuze Rune kuti mfuti ilibe mlandu. Ukanene pamaso pa onse. Chipolopolo choyenera chikanamugwetsa pomwepo, pa mwala paja. Asakapusitse achinyamata kuti akagule mizinga, n'kumatsinzina powomba chifukwa choopa phewa. Bola anene kuti Sixten watha, kusiyana n'kunamizira mfuti imene sinandinamizepo. Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

"Ndipo mfutiyo ukadzaitenga iwe, uzidzaika chipolopolo cha nsonga yofewa, cholemera. Kwa gwape chomwecho chimakwana, sichiwononga nyama."

Anapisa m'khosi, n'kuvula kachingwe ka chikopa kaja. Kanakola pa khutu, ndipo anachita kukakoka. Anamuveka Marit okha, monga ankamuvekera mpango ali mwana, n'kulowetsa kiyi m'kati mwa juzi yake. Kiyiyo anali wofunda.

"Usandipatsenso," anatero. "Ngakhale nditakupempha. Makamaka ndikakupempha."

Anatenga chipewa chofiira n'kuchipachika pa msomali. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Pita, uchedwa. Ine ndipukuta khofi watayikayu."

Marit anakweza Raja kumbuyo kwa galimoto, n'kukhala pa chiwongolero osaliza injini. Misozi inali ikutsika yokha. Anaipukuta n'kuimbira Halvar foni.

"Sabwera," anatero. "Sabweranso."

"Wachita kuwakakamiza?"

"Ayi. Aona okha. Andipatsa kiyi."

Halvar anapuma mozama. "Mwamuna uja," anatero. "Rune wafika kale ndi mzinga wake, akuupukuta ngati akukapereka mkwatibwi."

"Umuuze abwerere nawo. Ndipo umuuze kuti mfuti ilibe mlandu, anati zimenezi zimveke kwa onse. Chinali chipolopolo chophunzirira."

"Ndimuuza. Akayamba kuseka ndimukumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ukubwera? Galu tikumufuna."

"Ndikunyamuka."

Analiza injini. Asanabweze galimoto, chitseko cha nyumba chinatseguka. Bambo ake anatuluka mothamanga, chipewa chofiira chili kumutu, nsapato zili zosamanga, dzanja limodzi likupapasa pachifuwa.

"Ingegerd! Marit! Dikira!"

Marit anatsitsa galasi.

"Kiyi wanga sindikumuona," anatero a Sixten akupuma movutikira. "Ndamufuna paliponse. Chingwe chiyenera kuti chaduka. Usandisiye, nsanja yanga ikhala yopanda munthu. Ndipo pali wamkazi uja, tikamuone kuseri kwa mwala."

Nkhope yawo inali ya munthu wodandaula ndithu, yopanda chinyengo chilichonse. Zonse za pa tebulo zija zinali zitafufutika, ngati magazi a pa tsamba aja. Marit anamva kiyi akumukhudza pachifuwa, pansi pa juzi.

"Munamuona liti komaliza, Bambo?"

"Dzulo ndinali naye. Mwina wagwera pano potsika galimoto." Anawerama n'kuyamba kupatula udzu wonyowa ndi manja. "Tandithandiza, iwe uli ndi maso. Asamangodikira anthu chifukwa cha ine."

Foni inalira pa mpando. Anali Halvar. Marit anaiyang'ana mpaka inasiya yokha. Kumbuyo Raja analira pang'ono, akukanda chitseko.

Anazimitsa injini, n'kutsika. Anakweza kolala ya juzi kuti kachingwe kasaoneke, n'kugwada pa udzu pambali pa bambo ake.

"Tiyambire apa," anatero. "Tifufuze bwinobwino, osathamanga."